Kamsika ka pa Lizulu musakachotse

Funso lachokera kwa mtsikana wa ku Bembeke m'boma la Dedza. Akuti: "Ndili chaka chomaliza cha maphunziro ojambula mapulani a nyumba ku yunivesite ya MUBAS, ndipo ndikusonkhanitsa ntchito zanga zoti ndikaonetse kumaofesi pofuna ntchito. Ndili ndi mapulojekiti atatu: hotelo ya magalasi ya m'mphepete mwa nyanja imene ndinakhoza nayo bwino kwambiri, nyumba ya masitolo yosanjikizana kasanu ndi kawiri, ndi kamsika ka mbatata ndi kabichi kamene ndinajambula chaka chachitatu poganizira za pa Lizulu. Kamsikako ndikuchita nako manyazi, ndikufuna kukachotsa. Kwinaku amalume akuti ndiwajambulire nyumba ya zipinda zinayi kumudzi, ndipo akutchalitchi akufuna ndiwathandize pulani ya holo. Chilowereni sukuluyi sindinakhalepo pasaiti tsiku lathunthu. Ndivomere? Nanga ntchitoyi munthu amaiyamba bwanji?"

Achemwali, kamsikako musakachotse. Mukaike patsamba loyamba, hotelo ibwere pambuyo.

Pa ntchito yanga yojambula mapulani a nyumba, ndikalandira portfolio ya wophunzira, kutanthauza ntchito zimene wasonkhanitsa kuti aonetse pofuna ntchito, zithunzi zokongola za pakompyuta zija ndimangozidutsa. Sikuti n'zopanda ntchito, koma masiku ano aliyense amene ali ndi pulogalamu yojambulira ya SketchUp kapena Lumion amazitulutsa, ndipo zonse zimafanana: kumwamba kuli mbee, galimoto yatsopano pakhomo, anthu oyenda pansi pa mitengo imene kuno simera. Chimene ndimafunafuna ndi chojambula chodula nyumba pakati, chimene timati section. Pamenepo m'pamene munthu sangabise kanthu. Ndimaona ngati akudziwa kuti denga lakhala pa chiyani, madzi a mvula akatsika palata akupita kuti, khoma lakumana bwanji ndi maziko, mpweya wotentha ukutulukira pati. Kenako ndimafunsa funso limodzi: nyumbayi ndi ya ndani, ndipo munamuona ndi maso anu? Pa hotelo ya magalasi mudzayankha zimene munawerenga pa intaneti. Pa kamsika mudzayankha zimene mukuzidziwa, chifukwa munakulira m'dera limene mbatata ya kachewere ndiyo imalipira fizi.

Komabe kamsikako sikanathe. Pulojekiti ya chaka chachitatu imakhala ndi maganizo abwino ndi mabowo ambiri. Musanakaonetse aliyense, kwerani minibasi mukatsike pa Lizulu tsiku la msika, mutenge tepi ndi kope, mukhale kuyambira m'mamawa mpaka madzulo. Yezani thumba la mbatata lomangidwa mutu lija, kutalika kwake ndi kunenepa kwake, muone kuti amuna angati amalikweza pa lole ndipo lole imaima moyang'ana kuti. Muone mayi wogulitsa tomato amakhala pansi kapena pachitini, mwana amamugoneka pati, akafuna kutaya madzi katundu amamusiyira ndani. Masamba a kabichi osendedwa aja amathera kuti, ndipo mvula ikagwa matope amayambira mbali iti. Mbatata ikakhala padzuwa imasanduka yobiriwira n'kuyamba kuwawa, choncho imafuna mthunzi wakuda ndi mpweya wodutsa, pamene wogulitsa akufuna kuti woyenda pa M1 aione ali m'galimoto. Zofuna ziwirizi zimalimbana, ndipo ntchito yanu ndi kuziyanjanitsa.

Pali funso lina lowawa limene msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu umatifunsa. Tonse taonapo mashedi omangidwa bwino ndi njerwa ndi malata ali okhaokha mbuzi zikugonamo, ogulitsa atabwerera m'mphepete mwa phula. Anthuwo si osamva. Kasitomala wawo ali m'basi imene imaima mphindi zitatu, ndipo shedi imene ili mamita 80 kuchokera pamsewu kwa iwo ili kutali ngati ku Balaka. Pa Lizulu pali chinanso chakuti msewu womwewo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, moti malonda amachokera mbali zonse ziwiri ndipo anthu amaoloka tsiku lonse. Ngati pulani yanu isonyeza kuti munaganizira pamene basi iime, pamene munthu aoloke osagundidwa, ndi mmene wogulitsa angaonekere kumsewu asanakhale pamsewu penipenipo, ndiye kuti mwaonetsa nzeru imene nsanjika zisanu ndi ziwiri sizingaonetse.

Hotelo musaitaye ayi, koma muifunse mafunso amene aphunzitsi mwina sanakhale ndi nthawi yofunsa. Tsikirani ku Mtakataka mu Okutobala cha m'ma 3 koloko masana, muime pafupi ndi zenera loyang'ana kumadzulo. Khoma lagalasi pamalo otero ndi uvuni. Magetsi akazima ndipo makina oziziritsa aima, mlendo agona bwanji? Galasi limodzi likasweka lichokera kuti, lifika patapita masabata angati? Onjezerani tsamba limodzi losonyeza mmene mungatchingire dzuwa ndi khonde lotambalala, ndi mmene mphepo ya kunyanja ingadutsire m'zipinda. Wolemba ntchito akaona wophunzira akukonza yekha ntchito yake yakale amadziwa kuti munthuyu adzaphunzitsika. Nyumba ya masitolo ija ipatseni masamba awiri basi, makamaka masitepe ndi njira zothawira moto ngati munazijambula bwino.

Nkhani ya dzuwa ndiikhalire pang'ono, chifukwa ndi imene ophunzira ambiri amalakwitsa osadziwa. Mabuku ochuluka amene timawerenga analembedwa ku Ulaya ndi ku America, kumene dzuwa limadutsa chakum'mwera, ndiye amati mazenera akuluakulu aziyang'ana kum'mwera. Ife tili kumunsi kwa equator, pafupifupi madigiri 14. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa lathu limapendekera kumpoto, ndipo masana limafika madigiri pafupifupi 52 okha kuchokera pansi. Mu Disembala limakhala pafupifupi pamutu, litapendekera pang'ono kum'mwera. Kwa munthu wa ku Bembeke iyi ndi mphatso. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo inu mukudziwa mmene chisanu chimalumira m'mawa wa Julaye chifunga chitakuta minda. Zenera loyang'ana kumpoto lokhala ndi denga lotulukira kunja moyenera limalowetsa dzuwa m'nyengo yozizira, n'kulitsekereza m'nyengo yotentha pamene lakwera pamwamba. Mbali ya kum'mwera chakum'mawa, kumene imachokera mphepo ya mwera, kumafuna mazenera ang'onoang'ono. Agogo athu ankadziwa zimenezi popanda kuwerenga madigiri. Mukaone kumene amayala mphasa m'mawa wa Juni, mudzapeza kuti ndi kukhoma limene dzuwa limayamba kugunda ndipo mphepo sifika.

Ndipo boma limodzi lomweli lili ndi nyengo ziwiri. Mukatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, pasanathe ola limodzi mwachoka kumene anthu akuwotha moto mwafika kumene akugona panja. Pulani imodzi singagwire konsekonse. Kumtunda mufuna makoma osunga kutentha ndi silingi yotseka bwino, kumunsi mufuna denga lokwera ndi mazenera oyang'anizana kuti mphepo idutse. Wina akadzakupemphani kuti mungomukopera pulani ya mnzake, muyambe mwamufunsa kuti malowo ali kuti.

Za amalume, vomerani. Nyumba yapansi ya zipinda zinayi kumudzi ndi sukulu yabwino kuposa chaka chathunthu cha m'kalasi, malinga mukaichite mwaulemu wake. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine pa ntchito yanga yoyamba, kuti inu musadutsemo.

Ndinali nditangolowa ofesi ina ku Lilongwe pamene anandipatsa nyumba yaing'ono ya ogwira ntchito yoti imangidwe kudera lina la Ntcheu. Ndinaijambula mosamala, mulifupi mamita 6.4, denga la mbali ziwiri lopendekeka madigiri 22, lotulukira kunja masentimita 60 kuti mvula isamenye khoma. Papepala zonse zinali bwino. Nditafika pasaiti makoma atakwera, ndinapeza akalipentala akhoma kale mitanda, ndipo denga latulukira kunja pang'ono chabe, ngati chikhatho ndi theka. Ndinatulutsa pulani kuti ndiwaonetse a folomani, bambo wachikulire wa imvi amene anayamba kumanga ine ndisanabadwe. Sanakangane nane. Anandigwira padzanja n'kupita nane pamulu wa malata, anatenga tepi yanga yomwe n'kuyeza lata limodzi. Linali la mafiti 12, amene ndi mamita 3.66. Denga langa kuchokera pamsonga kufika kumapeto limafuna mamita 4.1. Iwo anati, "Mwanawe, lata silikula ngati chimanga. M'sitolo ya pano muli a 8, a 10 ndi a 12. Awa a 14 mukunenawa ndi oitanitsa kutauni, ndipo ndalama yake palibe anaiika."

Ndinabwereranso pamalopo patapita nyengo ziwiri za mvula. Khoma la mbali ya mphepo linali litada kuyambira pansi mpaka m'chiuno, pulasitala akufufuma, ndipo mayi wokhala m'nyumbamo anali atasuntha bedi la ana kulichotsa kukhomako chifukwa cha chinyezi. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero zimandipweteka, chifukwa cholakwacho chinachitikira patebulo langa. Ndikanachepetsa mulifupi wa nyumba, kapena ndikanalemba poyera kuti malata akhale a mafiti 14 n'kuonetsetsa kuti alowa m'mawerengero a ndalama, ana aja akanagona pouma. Kuyambira pamenepo sindijambula nyumba ya kumudzi ndisanalowe m'sitolo ya zipangizo ya pafupi ndi saitiyo kukaona zimene zilimo: malata a utali wanji, matabwa a saizi yanji, mafelemu a zitseko ndi mazenera otani. Inunso muyambire pamenepo, pa Dedza boma kapena pamene amalume amagula.

Mukatero mukakhale pansi ndi banjalo, ndipo musamve za amalume okha. Amalume adzakuuzani za pabalaza ndi mmene nyumba ionekere kuchokera kumsewu. Akazi awo ndiwo adzakuuzani kumene amaphikira tsiku ndi tsiku, ngati khitchini ya m'nyumba idzagwiradi ntchito kapena mbaula ndi nkhuni zidzakhalabe panja, matumba a chimanga ndi mbewu ya mbatata amasungidwa kuti, madzi amatungidwa kuti. Ndaonapo nyumba zambiri zimene chipinda chogona chachinayi chinasanduka nkhokwe chifukwa wojambula sanafunse za zokolola. Mufunsenso za tsiku la maliro kapena chinkhoswe, pamene anthu makumi asanu akhala pabwalo, amayi mbali ina abambo mbali ina. Khonde ndi bwalo n'zimene zimanyamula tsiku lotero, ndiye zijambulidwe ngati zipinda, osati ngati malo otsala.

Kumbukiraninso kuti amalume sadzamanga nyumbayi kamodzin'kamodzi. Adzamanga akagulitsa mbatata, n'kuima, n'kudzayambanso chaka chamawa. Pulani yabwino ya kumudzi ndi imene ingamangidwe m'zigawo, zipinda ziwiri zoyamba zifoleredwe anthu alowe, zinazo zidzalumikizidwe bwino popanda kugumula. Muwerengere zipangizo za gawo lililonse m'chiyankhulo chimene iwo amagulira: matumba a simenti a makilogalamu 50, njerwa zingati, mchenga matilipi angati, malata angati. Mitengo imasintha msanga, choncho lembani kuchuluka kwa zinthu, mtengo auonjezere tsiku logula.

Pali zinthu zimene musagonjere ngakhale amalume atakwiya, chifukwa ndi zimene zimachotsedwa koyamba ndalama zikachepa pomwe ndizo zimagwira nyumba. Maziko akumbidwe mpaka dothi lolimba, dothi lakuda la pamwamba lichoke lonse. Pulasitiki wakuda wotchinga chinyezi aikidwe pakati pa maziko ndi khoma. Pamwamba pa makoma pazungulire ring beam ya konkire yokhala ndi zitsulo, yolumikizana bwino m'makona, ndipo denga limangiriridwe kwa iyo ndi waya kapena chitsulo chopyapyala chozikika m'konkiremo, osati kungokhomera misomali pathabwa. Zenera kapena chitseko chisayandikire kwambiri kona ya nyumba. Anthu ena adzati zimenezi n'zachizungu, nyumba za makolo zinaima popanda. Muwakumbutse kuti tili m'mphepete mwa chigwa chachikulu chimene muli nyanja yathu, ndipo nthaka ya kuno imagwedezeka. Chivomerezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 chinagwetsa nyumba ndi kupha anthu, ndipo kwanu ku Dedza chinafika. Ku Karonga mu Disembala 2009 zinachitikanso. Mphepo ya mkuntho imene imasasula madenga a sukulu chaka ndi chaka imayamba ndi denga limene silinamangiriridwe. Konkire ikathiridwa izithiriridwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, pakuti mphamvu yake yoyenera imafika pa masiku 28, ndipo imene yauma msanga ndi dzuwa imafumbutuka. Matabwa a paini amene ali ochuluka kwanuko ndi abwino, koma akhale ouma ndi opakidwa mankhwala a chiswe.

Za njerwa, mudziwe kumene dziko likulowera. Mu 2018 boma kudzera ku National Construction Industry Council linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, pofuna kuteteza mitengo. Mukayang'ana mapiri a Dedza ndi Ntcheu mmene ayerera mudzamvetsa chifukwa chake. Maofesi ambiri amene mungalowe akugwiritsa ntchito mabuloko a simenti kapena njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikizidwa pamakina, zimene amazitcha SSB. Wophunzira amene anagwirapo dothi ndi manja, amene amadziwa kuliika m'botolo la madzi n'kuona mchenga ukukhala pansi dongo pamwamba, ali patsogolo pa anzake. Ngati amalume angalole, yesani njerwa zoterezi ngakhale pa khitchini yapanja pokha, mujambule zithunzi za sitepe iliyonse.

Musaganize kuti dothi ndi lata ndi zipangizo za wojambula wolephera. Francis Kéré wa ku Burkina Faso anamanga sukulu ya pulaimale kumudzi kwawo ku Gando mu 2001 akadali wophunzira ku Berlin. Anagwiritsa ntchito njerwa za dothi la pomwepo, anthu a m'mudzimo ndiwo anamanga, ndipo denga la malata analikweza pamwamba pa silingi kuti mpweya wotentha uzituluka ana asamapse m'kalasi. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito yathuyi, ndipo anali munthu woyamba wa ku Africa kuilandira. Kwathu konkuno, ku chipatala cha Kasungu kuli nyumba zodikirira amayi oyembekezera zimene anajambula a MASS Design Group, zomalizidwa mu 2015. M'malo mwa chinyumba chimodzi chachitali anamanga tinyumba ting'onoting'ono ta njerwa za dothi tozungulira mabwalo, madenga otambalala opereka mthunzi, poganizira kuti mayi amabwera ndi womudikirira ndipo tsiku lonse amakhala panja. Mukapeza mpata pitani mukaone. Pafupi ndi kwanu pali Mua, mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1902. Nyumba zake zakale za njerwa zikuphunzitsani za makonde ndi makulidwe a makoma m'dera lotentha, ndipo pa KuNgoni, malo a zachikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mudzaona mmene zosema ndi zojambula za Achewa, Angoni ndi Ayao zakhalira mbali ya nyumba yeniyeniyo osati chokongoletsa chopachika pambuyo.

Nkhani ya ndalama ndi amalume muikambe poyamba, ndipo mulembe papepala zimene mudzachite ndi zimene simudzachita. Chibale ndi fupa sichiola, koma ndaona abale atasiya kuyankhulana chifukwa khoma linang'ambika ndipo aliyense akuloza mnzake. Ngakhale mutati simulipiritsa, alipire thiransipoti yoti muzibwera kudzaona ntchito pa nthawi zofunika: poyala chingwe cha maziko, asanathire konkire, pa ring beam, ndi pokhoma denga. Pulani imene mwini wake sabwera kudzaiona ikumangidwa imasanduka ina. Musanapereke pulaniyo, muipititse kwa mphunzitsi wanu kapena katswiri wina aione.

Holo ya tchalitchi ndi nkhani ina, ndipo pamenepa yankho langa ndi lakuti nokha ayi. Denga la nyumba ya amalume limadutsa mamita asanu ndi limodzi ndipo lili ndi makoma apakati olithandiza. Denga la holo limadutsa mamita 12 kapena 15 popanda mzati, ndipo pansi pake pamakhala anthu mazana, ana ndi okalamba. Makoma ake ndi aatali, mphepo imawakankha mwamphamvu. Pamafunika injiniya wowerengera zitsulo ndi matabwa a denga, pamafunika zitseko zokwanira zotsegukira kunja kuti anthu atuluke msanga pakagwa ngozi, ndipo pulaniyo iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo. Digiri imene mulandire si chiphaso chosainira mapulani. M'Malawi muno amene amalembetsa akatswiri a ntchitoyi ndi Board of Architects and Quantity Surveyors, ndipo munthu amafika pamenepo atagwira ntchito pansi pa katswiri wolembetsedwa kale n'kuyesedwa. Pitani ku bungweli ndi ku Malawi Institute of Architects mukadali pasukulu, mukatenge ndondomeko yake, kuti tsiku loyamba la ntchito muyambe kulemba zimene mukuchita m'buku.

Padzapezeka wina wokuuzani kuti jambulani, ine ndikupezerani munthu wodinda sitampu pa kandalama kochepa. Mukane. Wodinda pulani imene sanaiwerenge akugulitsa miyoyo ya anthu amene adzakhale pansi pa dengalo, ndipo likadzagwa dzina limene anthu a ku Bembeke adzatchule ndi lanu, mwana wa pamudzi pomwepo.

Izi sizikutanthauza kuti muwabweze akutchalitchi chimanjamanja. Auzeni akuluakulu a komiti mwaulemu kuti ntchitoyi ikufuna mitu ingapo, ndipo inu muchita gawo limene mungathe. Yezani malowo, muone kutsetsereka kwake ndi kumene madzi amathamangira. Khalani nawo pansi mulembe zimene akufuna: anthu angati, kwaya iima pati, pa ukwati chakudya chiphikidwira kuti, wa njinga ya olumala alowera pati, zimbudzi zikhala mbali iti. Jambulani maganizo oyamba. Kenako tengani zonsezi mupite nazo kwa katswiri wolembetsedwa mumuuze kuti muli ndi kasitomala, mwachita izi, mukufuna kugwira pansi pake. Ambiri a ife timalandira makalata opempha ntchito mulu, koma wachinyamata wobwera ndi ntchito m'manja ndi miyeso yolondola timamukumbukira.

Chaka choyamba mu ofesi sichidzafanana ndi kalasi yojambuliramo ya kusukulu, ndipo ndibwino mudziwiretu. Simudzapatsidwa hotelo. Mudzapatsidwa ndandanda wa zitseko ndi mazenera, zimbudzi za sukulu, kukonza zimene abwana alemba ndi cholembera chofiira, kulemba zokambirana za msonkhano wa pasaiti. Musazinyoze. Ndandanda wa zitseko ndiwo udzakuphunzitseni kuti chitseko chili ndi felemu, mahinjesi, loko ndi mtengo wake, ndipo mukalakwitsa nambala imodzi kontilakitala agula zolakwika makumi awiri. Khalani pafupi ndi wowerengera zipangizo ndi ndalama, quantity surveyor, mumufunse kuti mzere uliwonse umene mwajambula ukudya zingati. Maofesi ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma musayang'ane kumeneko kokha. Makontilakitala, nthambi za zomangamanga m'makhonsolo, ndi mabungwe omanga sukulu ndi zipatala m'maboma amafunanso anthu odziwa kujambula, ndipo kumeneko mudzaponda saiti msanga. Chofunika n'chakuti pakhale katswiri wolembetsedwa woyang'anira ntchito yanu, apo ayi zaka zidzapita osawerengedwa. Ena adzakuuzani kuti mugwire ulere kuti muphunzire. Ngati mwavomera, pakhale malire a miyezi olembedwa ndi ndalama yoyendera.

Poti ndinu mtsikana, pasaiti adzakuyesani. Wina adzakufunsani funso limene yankho lake akulidziwa kuti aone ngati munama. Musaname. Nenani kuti ndikaona ndikuyankhani mawa, ndipo mawalo muyankhedi. Valani nsapato zolimba, tepi ikhale m'thumba, mupereke moni kwa onse kuyambira wosakaniza matope. Mukaona cholakwika musakalipire mmisiri pamaso pa anzake, itanani a folomani pambali, muyeze limodzi, ndipo mukagwirizana mulembe m'buku la pasaiti ndi deti lake. Amisiri achikulire amadziwa zambiri zimene sizili m'mabuku, monga mmene amapezera kona yolondola ndi chingwe poyeza 3, 4 ndi 5, kapena mmene amadziwira mchenga wadothi poufinya m'manja. Akaona kuti mumafunsa moona mtima adzakuphunzitsani, ndipo tsiku limene mudzaumirire kuti chitsulo ichi chisachotsedwe adzakumverani.

Portfolio yeniyeniyo isatalike. Masamba 12 kapena 15 akwana, mu PDF yopepuka yoti itseguke pafoni ngakhale netiweki ili yofooka. Pa pulojekiti iliyonse lembani mizere itatu yonena kuti ndi ya ndani, ili kuti, vuto lalikulu linali chiyani. Ngati inali ntchito ya pagulu, nenani mbali imene munachita inuyo, chifukwa tikakufunsani za mbali ya mnzanu zidzaonekera. Ikanimo zojambula pamanja za m'kope lanu la pa Lizulu, ngakhale zili ndi fumbi, pambali pa pulani ya sikelo ya 1:100, section ya 1:50, ndi chojambula chimodzi cha 1:20 chosonyeza pamene denga la shedi lakumana ndi mzati ndi ngalande yolandira madzi. Pamenepo muwerengenso madziwo: mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi, ndiye shedi ya masikweya mita 200 pa mvula ya mamilimita 20 ikupatsani malita 4,000 otsukira mbatata ndi m'zimbudzi. Sonyezani pamene thanki ikhale ndi kumene osefukira apite.

Tsamba lomaliza mulisiyire nyumba ya amalume. Ngakhale itakhala kuti yangofika pa maziko pofika tsiku lofunsidwa mafunso, ikanipo pulani yake, mndandanda wa zipangizo za gawo loyamba, ndi chithunzi cha chingwe chitayalidwa pansi inu mutagwira tepi. Tchuthi chikubwerachi muyambe ndi sitolo ya zipangizo ija, mukayeze malata.